Ndege Imene Sinabadwe

Inu mumati zoopsa zimayenda usiku wokhawokha. Anakunamizani ndani? Zimene zinawaonekera a Ngozo a ku Lumbadzi zinkabwera dzuwa lili paliwombo, akabaza akuliza mabelu pamsewu, ndege zenizeni zikutera kubwalo monga mwa masiku onse. Sendezani kuno mipandoyo, ndipo wina asandidule mawu, chifukwa nkhani iyi ine sindikonda kuibwereza.

A Yotamu Ngozo ankapanga mano oikirira pa kachipatala kena ka mano mu Lilongwe. Anali munthu wa manja ofatsa ndi pakamwa polemera. Nkhalamba inkalowa kwa iwo ndi magweru, n'kutuluka ikukukuta chimanga chokazinga. Akazi awo anali a Felesiya.

Banjali linali ndi chilonda chake. Zaka ziwiri m'mbuyomo a Felesiya anabereka mwana atafa kale m'mimba, amene timati nthayo. Mwambo wa nthayo mukuudziwa. Palibe bokosi, palibe nyimbo, palibe mwamuna woyandikira. Amayi okhaokha amakamuika kudambo, m'dzenje losazama, n'kubwerako osacheuka. Kulira n'koletsedwa, poti akuti misozi imatseka mimba ya mayiyo. Dzina sapatsidwa. A Ngozo mwanayo sanamuone, pamene anagona sanauzidwe. Anangomva kuti, "Madzi atayika koma mtsuko ulipo," tsiku lachitatu n'kubwerera kuntchito. Chonsecho mumtima anali atasankha kale dzina, la malemu bambo awo, ndipo linangotsalira momwemo likuwawotcha.

Tsopano Mulungu anawakumbukanso. A Felesiya anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, ndipo mwanayo ankagunda mpaka chitenje kugwedezeka. A Ngozo anatenga tchuthi mwezi wa Okutobala kuti akhale pafupi. Nanga mwamuna wamantha akakhala pakhomo tsiku lonse achita chiyani? Kugula tizovala, ayi, mwana wosabadwa samugulira zinthu. Kukhoma kabedi, ayi. Ankangozungulira nyumba, kukonza zitseko zabwinobwino, kufunsa kasanu pa ola kuti, "Wagunda?"

A Felesiya anatopa nawo. "Abambo, tapezani chochita. Mukundizunguza mutu."

Ndi pamene anakumbuka kabokosi kamene kanali pamwamba pa kabati. Anawasiyira ndi dokotala wina wachijeremani amene anagwira naye ntchito chaka chimodzi. M'katimo munali tizidutswa ta ndege yachidole, toumbidwa ndi rezini, pulasitiki wolimba uja wofanana ndi amene iwo ankaumbira nkhama za mano oikirira. Potsanzika, mzunguyo anati ndegeyo inangojambulidwa papepala kumapeto kwa nkhondo yaikulu ija, ndipo nkhondo inatha asanadule ndi lata limodzi lomwe. Sinamangidwe, sinauluke, ndi dzina lomwe inalibe, nambala yokha. "Inu muli ndi manja abwino, Ngozo. Mudzaimange."

Inali ndege yachilendo ndithu. Mapiko ake ankaloza kutsogolo, injini itaberekedwa kumsana. Kutalika kwake ikatha, kuyambira pachigongono kulekeza padzanja.

A Ngozo anatulutsa tebulo pakhonde, chifukwa fumbi la rezini ndi loipa m'chifuwa ndipo sanafune kuti lilowe m'nyumba. Ntchito yoyamba ndi kutsuka tizidutswa tonse, kuti mafuta a m'chikombole achoke, apo ayi penti sagwira. Anathira madzi ofunda m'beseni, kuyesa ndi chigongono, n'kumasambitsa thupi la ndegeyo ndi sopo pang'onopang'ono.

A Felesiya anatulukira pakhomo atagwira msana. "Ii, koma abambo! Mukuchita ngati mukusambitsa khanda." Anaseka, koma kuseka kwake kunathera panjira. Anabwerera m'nyumba.

Nthawi yomweyo nkhuku zonse zapabwalo zinati balala, kukuwa ngati zaona kabawi, n'kukadziunjika pansi pa mpanda. Chithunzithunzi chinadutsa pabwalo, kuchokera kumpanda kupita kudenga la nyumba. A Ngozo anakweza maso. Kumwamba kunali mbee, kopanda mtambo, kopanda mbalame. Anati kaya ndi kabawi wothamanga, n'kupitiriza ntchito.

Masiku otsatira ntchito inawakomera. Phiko limodzi linali lopindika. Analiviika m'madzi otentha, kuliwongola ndi zala, n'kuliziziritsa. Timabowo ta mpweya anatitseka. Ankapala ndi sandipepa yonyowa mpaka malo olumikiza osamvekanso kuchala. Anaika kamtovu m'mphuno mwa ndegeyo kuti isamakhalire kumchira, n'kumata mbali ziwiri za thupi ndi supagulu. Kwa nthawi yoyamba m'zaka ziwiri, a Ngozo anamveka akuimba mluzu.

Koma tsiku lililonse dzuwa likafika pakati, nkhuku zinkathawa.

Tsiku lachinayi kathayala ka kutsogolo kanasowa, kanthu kochepa ngati nyemba. Anakwawa pakhonde ponse, kusesa, kusefa zinyalala ndi zala, mpaka mawondo kuyera. Osakapeza. Atalowa kuchipinda kukaona akazi awo, amene anali atagona chiyambire m'mawa, anakapeza kali pabedi, katatsamira mimba. Anakatola mwakachetechete. Anadziuza kuti kanakakamira pamalaya awo m'mawa muja. Kuti m'mawa muja kuchipindako sanalowe, izo anaziponyera kunkhongo.

Ndegeyo itaima ndi miyendo yake itatu, inayamba khalidwe lina. Ankaisiya italoza kumsewu, kupita kukamwa madzi, pobwera n'kuipeza yaloza pazenera la kuchipinda. Anati tebulo ndi lopendekeka, n'kupinda katoni kuika pansi pa mwendo. Mawa lake chimodzimodzi. Anaitsekereza ndi botolo la penti. Anapeza botolo lili pomwepo, ndege yatembenuka.

Munthu wanzeru akanaleka pomwepo. Koma inu simudziwa njala ya manja a bambo amene sananyamulepo mwana wake. A Ngozo mantha anali nawo, inde, koma pansi pa manthawo panali kachimwemwe kamene sakanauza munthu. Anayamba kuilankhula. "Taima bwino, iwe. Usagwedezeke, penti angadonthe."

Anaipaka mtundu wobiriwira pamwamba, wotuwa kumimba. Pepala la m'bokosi linkaonetsa nambala yokha, ndipo mphuno ya ndegeyo inangoti yeretsa, yopanda kanthu. A Ngozo anaiyang'ana nthawi yaitali. Chinthu chokongola chonchi kukhala chopanda dzina? Chinawapweteka mtima. Anatenga kaburashi ka tsitsi litatu, kuviika m'penti yoyera, n'kulemba pamphunopo dzina lija anasunga zaka ziwiri. Dzinalo ine sindikuuzani, ndipo musandifunse.

Madzulo a tsiku limenelo anafunsa monga mwa chizolowezi, "Wagunda?"

A Felesiya anati, "Lero wachita ulesi."

M'mawa mwake kunalinso zii. Anathamangira kusikelo. Namwino anamvetsera nthawi yaitali, kusuntha chomvetseracho uku ndi uku, nkhope itakwinyika. Kenako anati mtima ukugunda, koma ukumveka patali. Anawauza kuti mayi akapume, azimwa madzi ambiri, ndipo pakapita masiku awiri osagunda abwerenso msanga ndi katundu wogonera. Anabwerera pa minibasi. A Felesiya anangogwira mimba ndi manja onse awiri, milomo ikuyenda.

Atafika kunyumba, a Ngozo anasowa pokhala. Kukhala pampando, kunyamuka. Kulowa kuchipinda, kutuluka. Manja anawatengeranso patebulo paja. Panatsala chinthu chimodzi, kagalasi kovindikira pokhala woyendetsa. Anakapukuta ndi kansalu, kukagwira ndi chopanira osati zala, kudontheza guluu m'mbali, n'kutseka. Mpando wa m'katimo unali wopanda munthu, poti m'bokosimo munalibe kachidole ka woyendetsa.

Masana otsatira anapeza kagalasiko kachita nkhungu m'kati. Izi sizinawadabwitse, chifukwa mpweya wa supagulu umatero, umayeretsa galasi, ndipo pamene panakhudza chala umaonetsa chidindo chake. Chidindo chinalipodi. Anatukwana chamumtima, n'kutenga galasi lawo lokuzira zinthu la kuntchito kuti aone kukula kwa vutolo.

Abale anga, chidindocho sichinali chawo. Chinali chathunthu, mizere yake yonse yozungulira bwinobwino, koma kukula kwake ngati njere ya mapira. Ndipo chinali m'kati. Anapukuta pamwamba ndi malaya, osachoka. Anaika chala chawo chaching'ono pambali pake kuti ayerekeze. Ali chiyang'anire choncho, nkhungu ija inachepa pang'ono, kenako inachulukanso. Inachepa, inachulukanso.

"Odi kuno! Mpiru, nkhwani, tomato!"

A Ngozo anadzidzimuka mpaka galasi kugwa. Pachipata panaima mayi wa dengu pamutu, wachilendo m'dera limenelo. Iwo anakana ndi dzanja kuti sagula. Mayiyo sanachoke.

"Pepani bambo, si kulowerera za eni. Koma musamamusiye yekha padzuwa. Dzuwa la mwezi uno ndi loipa kwa ana."

"Ndani?"

"Kamwana kanu. Dzulo m'mawa ndinadutsa, pakhomo pali potseka, iko kali kokha pansi pa tebulopo. Ndinaitana, osayankha."

A Ngozo anafunsa, "Kanali kotani?"

"Nkhope sindinaione, kanandifulatira. Komanso muzikaveka, bambo." Anakonza nkhata yake n'kumapita, mawu a mpiru ndi nkhwani akuzilala kumsewu.

A Ngozo anasuzumira pansi pa tebulo. Panali fumbi loyera la rezini basi, ndipo pakati pake panali malo osesedwa, ozungulira, ngati pamene pakhala mphika. Anatenga hamala. Anaikweza pamwamba pa ndegeyo, dzanja linakana kutsika. Anayesanso, linakana. Anaiponya uko hamalayo, n'kukokera tebulo pamthunzi.

Tsiku lachitatu mwana asanagunde, kunabwera a Velina, akulu awo a Felesiya, amene ankagulitsa matimati pamsika wa Lumbadzi. Mayi wa mawu ngati wailesi, wosadziwa kunong'ona. Analowa kaye kuchipinda, kukhalako kanthawi, n'kutuluka akupukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Alamu, m'bale wanga ali gone m'nyumba, inu muli pano kusewera ndi zidole? Ndamva mwayamba ufiti wamasana. Ndege yake ndi imeneyi? Tiyeni mundikweze, ndikaode matimati ku Ntcheu."

A Ngozo anayesa kuseka, osatheka. A Velina anawerama kuti aione bwino. Anatsinzina diso limodzi, kuwerenga tizilembo ta pamphuno, milomo ikutsatira. Nthabwala zonse zinathera pomwepo.

"Dzina ili ndi la ndani?"

"La malemu bambo."

"Alamu, ine si mwana. Bambo anu ali ndi mwala pamanda pawo, dzina lawo lili pamenepo. Ili mwalembera ndani?"

A Ngozo anayang'ana pansi.

"Mayo ine!" A Velina anamenya m'manja kamodzi, n'kutsitsa mawu, chinthu chimene anthu a pamsika sanachimvepo. "Mwana uja ndinamunyamula ndine tsiku lija. Tinamuika wopanda dzina kuti asadziwe khomo lobwerera. Inu mwamuumbira thupi, mwamusambitsa, mwamuitana. Ndiye mukuti apite kuti? M'mimbamo malo ndi amodzi, alamu."

"Ndi pulasitiki chabe iyi."

"Chabwino. Ndipatseni, poti ndi pulasitiki."

Anatambasula dzanja. A Ngozo anapeza kuti aifungatira ndegeyo pachifuwa, osadziwa kuti ainyamula nthawi yanji. Inali yofunda, kufunda kosachokera kudzuwa.

"Simunandionetse!" Mawu anawatuluka okha, osweka. "Munamutenga ngati zinyalala, ine ndili panja pampando. Ndinali bambo wake ine! Ngakhale chala chake chokha, alamu. Zaka ziwiri ndikadutsa padambo lililonse ndimayang'ana, kuti kapena ndi pano, kapena ndi apo. Lero ndapeza chogwira, mukuti ndikupatseninso?"

Kuchipinda kunamveka mawu ofooka a Felesiya. "Achemwali, bwerani mudzamvereko inu. Mwina manja angawa achita dzanzi."

Awiriwo anayang'anana. A Velina anati, "Mwamva? Sankhani, alamu. Uyo mwanyamulayo, kapena uyo ali m'nyumbayo. Onse awiri simulera."

A Ngozo anatsitsa ndegeyo patebulo pang'onopang'ono, atachirikiza mphuno yake ndi chikhatho.

"Dzinalo mufufute nokha, ndi dzanja limene linalemba," anatero a Velina. "Ndipo mundimvetse. Msozi usagwe ngakhale umodzi, lero kapena mawa. Mukalira mwatseka zonse."

Anapita kukaitana amayi awiri achikulire oyandikana nawo. A Ngozo anatsala okha. Anaviika sandipepa m'madzi n'kuyamba kupala. Chilembo choyamba chitachoka, panamveka kaphokoso. Poyamba anayesa udzudzu pakhutu. Kenako kanakhala ngati injini ili kutali kwambiri, kenako sikanakhalenso ngati injini. Kankakwera, kudukiza ngati kakukoka mpweya, n'kuyambiranso. Nkhuku sizinathawe tsiku limenelo. Zinangoima pabwalo, zonse zitaloza pakhonde, osatola kanthu.

A Ngozo analuma mlomo n'kupala chilembo chachiwiri. Kagalasi kaja kanayera konse. Chachitatu. Timadzi toyera tinkayenderera m'zala zawo kudonthera pansi. Ankafuna kunena pepa, koma anadziwa kuti akangotsegula pakamwa chituluke ndi china. Pamene chilembo chomaliza chinkachoka, mlomo unali ukutuluka magazi, ndipo kaphokoso kaja kanaleka ngati wina watseka chitseko.

Amayi aja anafika, wina atatenga khasu. Sanapereke moni. A Velina anang'amba chitenje chakale, kukulunga ndegeyo osasiya ndi nsonga ya phiko yomwe, n'kuinyamula.

"Tembenukani muyang'ane kukhoma. Musaone kumene talowera."

A Ngozo anatembenuza mpando. Anamva chipata chikulira, mapazi a anthu atatu akupita, kenako zii. Anakhala choncho akuyang'ana njerwa. Thukuta linkatsika mumsana. Khosi linkafuna kucheuka lokha, ankachita kuligwira ndi dzanja. Kuchipinda sikunkamveka kanthu, ndipo anaopa kulowako. Ndege yaikulu inadutsa kupita kubwalo, mazenera ananjenjemera, n'kukhalanso bata. Kenako padenga la khonde, pamwamba penipeni pa mutu wawo, panayenda kanthu. Timapazi topepuka, kuchokera kuno kukafika uko, kuima, kubwerera. Kanaima nthawi yaitali pamwamba pa chipinda chogona. A Ngozo anatseka maso, kukanikiza zibakera pamawondo, osatchula dzina lililonse, ngakhale la Mulungu, kuopa kuti lilime lingaterereke. Malata analira kamodzi, thaa, monga amachitira akatentha. Sikanayendenso.

Dzuwa litapendeka, chipata chinalira. A Velina anabwera okha, matope ali m'miyendo. Anasamba m'manja ndi kumapazi pampopi wapanja, n'kudzadzigwetsa pakhonde akusisita phewa.

"Munaikamo chiyani m'kati muja?"

"Kamtovu. Kochepa ngati ndalama yachitsulo."

"Hmm." Anapukusa mutu. "Tachita kulandizana atatu. Pofika kumeneko mkono uwu unali utafa."

Kenako a Velina anayang'ana mlomo wotupa wa mlamu wawo, ndipo nkhope yawo inafewa.

"Mwapirira, alamu. Ndiye ndikuuzani kanthu kamodzi, mukamva mukwirire, musadzandifunsenso china mpaka imfa. Dzina munalemba lija silikanamuyenera n'komwe. Anali wamkazi. Tsitsi lambiri, lakuda bii. Ndipo chibwano chake chinali chanuchi, chogawikana pakatichi. Titamuona tonse tinangoti, a Ngozo awa."

Kalanga ine! Munthu mwamuletsa kulira, n'kumuuza zotere? A Ngozo anali ndi mwana wamkazi. Anagwira chibwano chawo, maso akutentha, khonde lonse likusambira.

"Abambo! Abambo, thamangani!"

Anagwetsa mpando. Kuchipinda anapeza a Felesiya atakhala tsonga pabedi, maso ali tong'o. Anawagwira dzanja mwamphamvu n'kulikanikiza pamimba. Poyamba panalibe kanthu. Kenako, gu! pachikhatho penipeni. Gu! Gu! Kugunda kwaukali, kwa munthu amene wachedwetsedwa.

A Felesiya ankaseka ndi kupuma nthawi imodzi. "Mwamumva? Mwamumva mwana wanu? Ndiye bwanji simukundiyang'ana? Kudengako kuli chiyani?"

A Ngozo anali atapenyetsa nkhope kumwamba, maso ali chitsegulire, osayerekeza kuphethira, chifukwa madzi anali atafika m'mphepete. Dzanja linali pamimba pomwepo, mwana akulimenya.

"Mvula ili pafupi, mayi," anatero ndi mawu osasa. "Ndikuona ngati malatawa ali ndi mabowo."

Anakhala choncho, khosi lili chagada, mpaka maso anauma okha.